Situdiyo yopanda mikisa: mmene mungasankhire ma preamp ndi ma converter

Masiku ano ambiri ojambula nyimbo alibe mikisa yaikulu ija ya mabatani mbwee, ali ndi laputopu, kabokosi ka audio interface, ma maiki awiri atatu basi, ndipo nyimbo zikutuluka bwinobwino. Koma mikisa ija sinkangokongoletsa chipinda ayi, inkagwira ntchito zingapo nthawi imodzi, kukweza mawu a maiki, kutumiza nyimbo m'mahedifoni a woimba, kutsitsa ndi kukweza masipika, ngakhale kukulolani kulankhula ndi munthu amene ali mu booth. Mukaichotsa ntchito zonsezi zimatsala, zimangosowa mwini wake. Ndiye mukamasankha preamp ndi converter dziwani kuti mukugawa ntchito za mikisa ija kwa zida zina, ndipo funso loti "ndi iti ikumveka bwino kuposa zonse" libwere kumapeto osati koyamba.

Kwa amene mwangoyamba kumene, maiki imatulutsa mphamvu yochepa kwambiri, ma millivolt ochepa chabe, ndiye preamp ndi imene imaikweza kufika pa line level, mphamvu imene zida zina za mawu zimagwira nayo ntchito. Converter imatenga mawu amenewo nkuwasandutsa manambala oti kompyuta isunge, kenako pomvetsera imawabwezanso kukhala mawu opita ku sipika. Interface imene mumalumikiza pa USB ija ili ndi zonse ziwiri mkati, kuphatikizapo njira yolankhulira ndi kompyuta. Choncho mukagula interface ngati Scarlett kapena Audient mwagula kale preamp ndi converter, kaya mumadziwa kaya ayi.

Choyamba, werengani ma maiki amene adzagwire ntchito nthawi imodzi

Tengani pepala. Musalembe ma maiki amene muli nawo, lembani amene adzakhale oyaka pa nthawi imodzi tsiku limene ntchito yachuluka kwambiri. Ngati mumapanga ma beat mu FL Studio kenako woimba mmodzi amabwera kudzaponya mawu, ma input awiri akukwanani ndipo simukusowa china. Woimba ali ndi gitala, awiri omwewo. Kwaya ndiye imanamiza anthu, mumaona anthu 30 nkuganiza kuti pakufunika ma maiki khumi, pomwe ma maiki awiri ofanana a mtundu wa condenser oikidwa bwino kutsogolo, ina ya wotsogolera nyimbo ndi ma line awiri a kiyibodi, zakwana pa ma input asanu kapena asanu ndi limodzi. Ma drum ndi amene amadya machanelo, pang'ono penipeni ndi anayi, kick, snare ndi awiri a pamwamba, koma mukafuna tom iliyonse ndi yake mufika pa 8 besi ndi gitala musanaziwerengere nkomwe.

Apa chenjerani ndi manambala a pabokosi. Akalemba kuti 18 in sakutanthauza ma maiki 18. Focusrite Scarlett 18i20 ili ndi ma preamp 8, enawo ndi ma input a digito, 8 a ADAT ndi awiri a S/PDIF, amene sagwira ntchito popanda bokosi lina. Inu werengani mabowo a XLR, a timapini titatu olowetsamo maiki aja.

Chachiwiri, onani kuti ma maiki anu akufuna gain yochuluka bwanji

Gain ndi mlingo umene preamp imakwezera mawu, amauyeza mu dB. Apa ndi pamene pamasiyana preamp yokwanira ndi yosakwanira, ndipo ndi nkhani ya manambala osati ya makutu a golide. Condenser ngati Audio-Technica AT2020 kapena Rode NT1 imatulutsa mawu amphamvu kale, imangofuna phantom power ya 48V, magetsi amene interface imatumiza ku maiki, ndi gain ya 30 kapena 40 dB, interface iliyonse ya masiku ano imakwanitsa zimenezo osatuluka thukuta. Vuto limabwera ndi ma maiki a dynamic ofooka. Shure SM7B, imene aliyense wa podcast akuifuna, imafuna gain ya pafupifupi 60 dB munthu akamalankhula mwachizolowezi. Scarlett 2i2 ya 3rd gen ili ndi 56 dB, ndiye mumapezeka mwapotokola batani mpaka kumapeto mawu akadali otsika, kwinaku kaphokoso ka sssss kayamba kumveka pansi. Ya 4th gen anaikweza kufika 69 dB, imeneyo SM7B imaikoka popanda vuto. Audient iD14 ili pa 58 dB, kwa woimba wa mawu amphamvu zimatheka koma wolankhula motsitsa muvutika naye pang'ono.

Ngati interface muli nayo kale ndipo gain ikuperewera musathamangire kugula ina. Kuli tizida tating'ono toika pakati pa maiki ndi interface, Cloudlifter CL-1 imawonjezera mpaka 25 dB, FetHead ya Triton Audio nayo imachita chimodzimodzi. Timadya 48V ija kuti tigwire ntchito ndipo mtundu wamba suipititsa kwa maiki, ndiye musatiike pa condenser, singayake.

Nambala ina yoyang'ana ndi EIN, imene imanena phokoso la preamp payokha. Mukaona -127 mpaka -130 dBu ndiye kuti ili bwino. Koma kunena zoona phokoso la fani ya laputopu, agalu a aneba ndi malata akamawomba dzuwa ndi lalikulu kuposa kusiyana kwa -127 ndi -129.

Wa gitala ya magetsi kapena besi aonetsetse kuti pali input yolembedwa Inst kapena Hi-Z, mukalowetsa pa line wamba mawu amafota, kuwala konse kwa zingwe kumatha. Amene muli ndi maiki ya ribbon zimitsani 48V musanalumikize kapena kuzula, makamaka ngati mukudutsa pa patchbay ya ma jack, ndipo ndi bwino kupeza interface yoti 48V imayatsidwa chanelo chilichonse pachokha, chifukwa zina zotchipa batani limodzi limayatsa machanelo onse.

Chachitatu, sankhani interface poyang'ana ma driver

Driver ndi kapulogalamu kothandiza kompyuta kulankhula ndi interface. Izi anthu sazikamba kwambiri chifukwa sizioneka pa chithunzi, koma ndi zimene zingakudwalitseni mutu tsiku ndi tsiku. Popanda mikisa mawu a woimba amalowa mu kompyuta nkubwerera m'mahedifoni, ndipo ulendo umenewo umatenga nthawi, ndiye latency imeneyo. Buffer ndi kagawo ka mawu kamene kompyuta imasonkhanitsa kaye isanayambe kukagwiritsa ntchito. Pa 48 kHz buffer ya 128 samples ndi 2.7 ms mbali imodzi, ya 256 ndi 5.3 ms, ndipo kupita ndi kubwera kumaposa kuwirikiza kawiri chifukwa ma converter ndi driver nazo zimawonjezera kake. Zikadutsa 10 ms oimba ambiri amayamba kudandaula kuti akudzimva mochedwa, ena sanena kanthu amangoyamba kuphonya beat inu nkumaganiza kuti sadziwa kuimba. Driver yabwino imakulolani kutsitsa buffer popanda mawu kuthetheka.

Pa Windows mukufunika driver ya ASIO yochokera kwa kampani imene inapanga interface yo. ASIO4ALL ndi yongopulumukira, musamange situdiyo pa iyo. Pa Mac zambiri zimangoyaka kudzera mu Core Audio. RME ya ku Germany ndi imene ili ndi mbiri yabwino pa ma driver, ndipo amapitiriza kusamalira ngakhale zida zawo zakale, nchifukwa chake Babyface Pro FS ndi yodula chonsecho ma preamp a maiki ndi awiri okha. MOTU M2 ndi M4 nazo zili bwino pa mtengo wotsikirapo, ndiponso zili ndi ma mita ooneka bwino kutsogolo, chinthu chimene mumachisowa kwambiri mikisa ikachoka.

Yang'ananinso bowo la kompyuta yanu. Apollo Twin ya Universal Audio ilipo ya Thunderbolt ndipo ilipo ya USB imene ndi ya Windows, ndipo bowo la USB-C silitanthauza kuti ndi Thunderbolt ngakhale pulagi ikulowa bwinobwino. Za FireWire zimene zimagulitsidwa motchipa kwa ogwiritsa kale ntchito zisiyeni, mtengo umakoma koma laputopu za masiku ano zilibe bowo limenelo ndipo ma driver ambiri anasiya kuwakonza.

Chachinayi, converter, ndipo apa musataye tulo

Zaka za m'ma 1990 nkhani ya converter inali yeniyeni, zotchipa zinkamveka zotchipadi. Pano interface ya mtengo wapakati ili ndi dynamic range, kutalikirana kwa phokoso la pansi ndi mawu okwera kwambiri, ya 110 mpaka 120 dB, pomwe CD yonse ndi 96 dB. Ine ndinganene mosaopa kuti mu chipinda chosakonzedwa, pa masipika a mainchesi asanu, simungasiyanitse converter ya MOTU M4 ndi ya Lynx kapena Prism Sound mutatsinzina. Kusiyana kulipo, koma kumamvekera mu chipinda cha mastering, momwe amamalizitsira nyimbo. Ndalama imene mukanagulira converter yapadera ikagwire ntchito pa maiki ndi pa makoma a chipinda, kumeneko ndiye kusintha kumamveka ngakhale pa foni.

Zoyenera kuchita ndi zochepa. Jambulani pa 24-bit nthawi zonse, bit iliyonse ndi pafupifupi 6 dB ndiye muli ndi malo ambiri, palibe chifukwa chokankhira mawu kufupi ndi kofiira ngati mmene ankachitira pa tepi. Sample rate, kuchuluka kwa ma sample pa sekondi, ikani 48 kHz ngati nyimbo idzakhala ndi vidiyo, 44.1 kHz nayo ilibe vuto. 96 kHz imadya disiki kawiri, track imodzi ya mono pa 24-bit 48 kHz ndi pafupifupi 8.6 MB pa mphindi ndiye werengerani nokha ma track 40, imalemetsanso kompyuta, ndipo monga muone pansipa imakudulirani machanelo.

Converter yapadera imayamba kukhala ndi nzeru pamene muli ndi ma preamp akunja ambiri ndi ma compressor a hardware oti mawu azituluka nkubwereranso kangapo, kapena mukuchita mastering ya anthu ena. Ngati simunafike pamenepo dumphani.

Chachisanu, siyani khomo la ADAT

Ili ndiye langizo limene lingakupulumutseni kugula kawiri. ADAT ndi kabowo ka kebulo ya kuwala, inayambira pa makina a tepi a Alesis koyambirira kwa ma 1990, ndipo kebulo imodzi yopyapyala imanyamula machanelo 8 pa 44.1 kapena 48 kHz. Mukakwera pa 96 kHz amatsala anayi. Ndiye mutha kugula interface yaing'ono lero, ngati Audient iD14 imene ili ndi ma preamp awiri ndi ADAT in, tsiku limene mwapeza ntchito ya bandi nkuwonjezera bokosi la ma preamp 8, mwafika pa 10 osataya chimene munagula poyamba. Scarlett 2i2 ndi MOTU M4 zilibe khomo limeneli, mukadzafuna kukula ndi kugulitsa basi.

Mabokosi owonjezerawo alipo a matumba osiyanasiyana. Behringer ADA8200 ndi yotchipa ndipo imagwira ntchito, ingodziwani kuti imathera pa 48 kHz. Focusrite ali ndi OctoPre, Audient ali ndi ASP800 ndi ASP880. Dziwani kuti bokosi lotere lili ndi converter yakeyake mkati, mawu amafika ku interface ali kale manambala.

Tsono mukalumikiza zida ziwiri za digito pamabwera nkhani ya clock, imene imapereka liwiro lowerengera manambala aja. Zili ngati kwaya, wotsogolera amakhala mmodzi, akakhala awiri aliyense ndi liwiro lake nyimbo imabalalika. Chida chimodzi chikhale master, chinacho chitsatire. Ngati interface yanu ili ndi ADAT in yokha, bokosi la ma preamp liikeni pa internal, interface muiuze mu pulogalamu yake kuti clock itenge ku ADAT, ndipo sample rate ikhale yofanana mbali zonse mpaka mu DAW, pulogalamu yanu yojambulira. Mukamva timaphokoso ta tik, tik, apo ndi apo mu zimene mwajambula, musayambe kukayikira maiki kapena kebulo, pitani mukaone clock kaye. Zida zikapitirira ziwiri ndi pamene mumagwiritsa word clock pa kebulo ya BNC ya 75 ohm. Clock yapadera yodula ija simukuifuna pa situdiyo ya zida ziwiri.

Chachisanu ndi chimodzi, preamp yakunja, imodzi yokha kaye

Ma preamp a mu interface anapangidwa kuti akhale oyera, amakweza mawu osawonjezera kanthu. Akunja ambiri anthu amawagulira mtundu wa mawu. Neve 1073, imene inatuluka mu 1970, ili ndi ma transformer amene amanenepetsa mawu mukaikankha, API 512c imatulutsa mawu akuthwa obwera kutsogolo nchifukwa chake a ma drum amaikonda, pomwe Grace Design m101 ndi ya anthu ofuna zoyera koma gain yambiri yopanda phokoso. Zenizenizo ndi zodula, koma kuli zotengera ngati Golden Age Project Pre-73, Warm Audio WA73 ndi Heritage Audio HA73 zimene zimatsata njira ya 1073.

Maganizo anga ndi awa, ngati ntchito yanu yambiri ndi mawu a woimba mmodzi, chanelo chimodzi chabwino chikukwanani chifukwa zonse muzidutsitsa momwemo mmodzimmodzi, mawu, besi, gitala. Ngati mumajambula kwaya kapena piyano pa stereo mukufunika machanelo awiri ofanana, ndipo apa gain yodumpha ma sitepe imathandiza chifukwa mumaika kumanzere ndi kumanja pa nambala imodzi ndendende. Za 500 series, timapreamp tolowetsa mu kabokosi kotchedwa lunchbox, ndi zabwino ngati mukudziwa kuti mudzawonjezera, koma kumbukirani kuti bokosi lopanda kanthulo nalo ndi ndalama. Ndipo musagule preamp ya mtundu musanakonze chipinda, idzangokometsa kulira kwa makoma.

Polumikiza ndi pamene ambiri amalakwitsa. Preamp yakunja imatulutsa line level, ndiye ipite pa line input, osati pa mic input. Pa mabowo a combo aja, XLR imapita ku preamp ya mkati pomwe jack imapita ku line, choncho mukufunika kebulo ya XLR yaikazi mbali imodzi ndi TRS jack mbali inayo. Mukagwiritsa XLR mbali zonse mawu akwezedwa kawiri nkuphwanyika, komanso mutha kutumiza 48V kumbuyo kwa preamp yanu yodula. Pa ma interface ambiri line input imadutsabe mu dera la preamp ya mkati atangoitsitsa mphamvu, sizoopsa, ingoikani gain pansi ndipo batani la Inst likhale lozimitsa. Koma ngati mukufuna njira yolunjika ku converter, Audient iD24 ndi iD44 zili ndi ma insert, mabowo a send ndi return, mukalowetsa pa return mwailambalala preamp yonse. Onaninso maximum input level ya interface, ma preamp ena amatulutsa kupitirira +24 dBu pomwe ma interface ang'onoang'ono odya magetsi a USB amadzadza asanafike pamenepo, ndiye preamp yokhala ndi batani la output ndi yabwino, mumakankha gain kuti mupeze mtundu uja kenako nkutsitsa potuluka.

Chachisanu ndi chiwiri, bwezeretsani zomvera

Woimba akufuna kudzimva, ndipo nthawi zambiri akufuna kudzimva mokweza kuposa mmene inu mukufunira. Interface yokhala ndi direct monitoring imatumiza mawu a maiki m'mahedifoni asanalowe mu kompyuta, latency palibe. Zazikuluko zili ndi mikisa ya mu pulogalamu, TotalMix FX ya RME, Focusrite Control, Console ya Apollo, mmene mumapanga mix ya woimba payokha ndi yanu payokha. Kuti zimenezi zitheke pamafunika ma output osachepera anayi, awiri a masipika awiri a mahedifoni, ndiye powerenga ma input muwerengenso ma output. Oimba akachuluka kabokosi ngati Behringer HA400 kamagawa mahedifoni anayi aliyense ndi volume yake, ngakhale onse amamva mix imodzi.

Batani la volume ya masipika likhale lenileni logwirika ndi dzanja pafupi nanu, tsiku lina kompyuta idzatulutsa phokoso mwadzidzidzi ndipo mbewa simudzaipeza msanga. Ngati muli ndi masipika mapeya awiri, monitor controller ngati Mackie Big Knob imathandiza. Talkback, yolankhulira ndi woimba ali mu booth, ngati mulibe, maiki iliyonse yotchipa pa chanelo chotsala imagwira ntchito, muzingokumbukira kuitseka pojambula.

Magetsi

Kuno kwathu magetsi ndi 230V pa 50 Hz, ku America ndi 120V. Wachibale akakutumizirani preamp kuchokera kumeneko werengani kumbuyo musanalowetse pa soketi. Ikalembedwa 100-240V palibe vuto, koma zambiri zokhala ndi transformer zimakhala ndi kaswitchi ka 115/230 kapena adapter ya dziko limodzi, mukalakwitsa ndi utsi. Za ku UK ndi ku South Africa mphamvu ndi yofanana ndi yathu, za ku South Africa pulagi yokha ndi imene imasiyana.

Poti magetsi amathimathima, interface yodya mphamvu ya USB pa laputopu ili ndi ubwino wake, akazima take ija simuitaya. Zida za mu rack zimafuna UPS, ndipo pogwiritsa inverter pezani ya pure sine wave chifukwa zinazi zimalowetsa kulira kwa zzzz mu ma preamp. Mukamva kung'ung'uza, zulani chaja ya laputopu mumve ngati kwasiya, zida zonse zidye pa soketi imodzi, makebulo opita ku masipika akhale balanced, a XLR kapena TRS. Koma musadule phini ya earth pofuna kuthetsa phokoso, imeneyo ndi imene imakutetezani inu ndi woimba amene milomo yake ili pa maiki.

Pomaliza, yesani musanapereke ndalama

Makamaka zogula kwa munthu. Pitani ndi laputopu yanu, maiki yanu, kebulo yanu ndi mahedifoni, driver muikiretu kunyumba. Lowetsani maiki pa chanelo chilichonse, potokolani gain pang'onopang'ono kuchoka pansi mpaka pamwamba mukumvetsera ngati ikukhwekhwereza, fumbi limapha mabatani amenewa. Yesani 48V ndi condenser pa bowo lililonse, gwedezani pulagi ya USB pang'ono muone ngati ikuduka, yang'anani ngati bowo la ADAT out likuwala kofiira. Kenako tsitsani buffer pa 128, tsegulani project yolemera ndithu, isiyeni iyende mphindi khumi kapena kuposa, mavuto ena amayamba chida chikatentha.

Mukafika nayo kunyumba, poika gain muuzeni woimba aimbe gawo limene amakuwa kwambiri, osati "check one two" ya manyazi ija, ndipo muike kuti pokwera penipeni mita ya mu DAW izifika cha pa -10 dBFS, mawu wamba azisewera cha pa -18. Akadandaula kuti sakudzimva mukwezereni mahedifoni, gain ya preamp isiyeni pomwe ili.